Malangizo a kakonzedwe ka dambo losefa zitsulo m'madzi a m'fakitale

Moni nonse, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'mafakitale a ku Workington, Southerton ndi Graniteside mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe. Madzi amene timataya kumeneko akasochera amalowa m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, n'kukathera m'nyanja ya Chivero, imene mzinda wa Harare umamwa. Ndiye tamverani kakonzedwe ka dambo lochita kupanga, njira imene wasayansi wa zomera Käthe Seidel anaiyesa ku Germany m'zaka za m'ma 1950.

Musanagwire khasu, tengani madziwo mukawayezetse, kuti mudziwe ngati muli mtovu, mkuwa, zinki kapena kromiyamu, ndiponso asidi wake ndi wochuluka bwanji. Chilolezo chotayira madzi chimachokera ku EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Ngati muli poizoni wotchedwa sayanaidi, monga zimakhalira kwa okuta zitsulo, ayambe wachotsedwa ndi mankhwala, pakuti dambo si la ntchito imeneyo.

Kutsogolo kukhale dziwe loti matope ndi mafuta azitsalira. Kenako mukumbe dambo lenilenilo, mutsire dongo lotsendera bwino kapena muyale pulasitiki wokhuthala kuti madzi asalowerere pansi n'kuwononga zitsime za anzathu. Pansi pake muike miyala ya laimu yochepetsa asidi, pamwamba pake manyowa osakaniza ndi utuchi, kuya kwa zonsezi kufike pafupifupi masentimita 60, ndipo mubzale bango ndi njedza.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ambiri amaganiza kuti bango ndi limene limamwa zitsulo. Limamwa ndithu, koma pang'ono chabe. Ntchito yaikulu ili pansi, m'manyowa momwe mulibe mpweya, mmene mabakiteriya amasandutsa salufeti, mchere wina wopezeka m'madziwo, kukhala salufaidi, ndipo salufaidiyo amagwirana ndi zinki, mkuwa ndi mtovu n'kuzikhazika m'matope. Mukafukula ndi ndodo n'kuona matope akuda bii, akununkha ngati dzira lovunda, musadandaule, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Mukazula njedza mudzaonanso dzimbiri lofiirira litamata mizu, nalonso limagwira zitsulo. Chotero madzi aziyenda pang'onopang'ono, kwa masiku angapo, ndipo m'chilimwe dambolo lisaume, chifukwa matopewo akalowa mpweya amabweza zitsulo zija m'madzi.

Dziwani kuti chitsulo sichiola, changosamukira m'matope. Ndinaona ndi maso anga pa fakitale ina, mlonda atatapa matope a m'dziwe n'kukathira m'bedi la repu kuseri kwa mpanda, poganiza kuti ndi manyowa. Zimenezo ayi. Matopewo, pamodzi ndi bango limene mwadula, ndi zinyalala zoopsa: musadyetse ziweto, musalukire mphasa, musatenthe, koma zikatayidwe kumalo ovomerezeka ndi EMA. Powachotsa valani magolovesi ndi majombo.

Mwezi ndi mwezi tungani madzi polowera ndi potulukira, mukayezetse, ndipo zotsatira zake muzilembe m'buku limodzi. Mukaona kuti zinki wa potulukira wayamba kukwera, yafika nthawi yosintha manyowa. Zikomo pomvetsera.