Kugona M'malere Usiku Umodzi ku Dzalanyama

(Mbandakucha. Nkhungu yati yaa pakati pa mitengo. Nsalu yakolekedwa pa mitengo iwiri, m'kati muli munthu.)

Moni nonse, kaya mukuonera muli ku Kawale, ku Area 25, ku Biwi kapena ku Chinsapo. Wagona m'nsalumo ndine, ndipo kuno ndi ku Dzalanyama.

Agogo athu ankadziwa machila: nsalu yomangidwa ku mtengo wautali, mzungu ali gone m'katimo, amuna atasenza mtengowo pamapewa ulendo wonse. Masiku ano liwuli timangolimva kuchipatala. Iyi ndagoneramo ogulitsa amaitcha hammock. Ndi mbale wake wa machila, kungoti pano palibe mwana wa munthu amene akupweteka phewa. Yandisenza usiku wonse ndi mitengo iwiri yamoyo. Lero ndikuonetsani mmene mungagonere chonchi, inu osavulala, mitengonso osavulala.

(Msewu wa ku Likuni m'mawa. Njinga zikubwera zitasenza matumba a makala.)

Kuchoka m'tauni ya Lilongwe tadzera msewu wa ku Likuni, phula n'kutha, n'kulowa msewu wafumbi. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 60 kulowera kumwera chakumadzulo, kufupi ndi malire a Mozambique. Nthawi ya dzinja msewuwu umafuna galimoto yamphamvu. Njinga mukuzionazi zikuchokera komwe tikupita ife.

Dzalanyama inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala oposa 98,000. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri amenewa, n'kutsikira ku Malingunde komwe kuli madamu awiri a Kamuzu, loyamba la mu 1966, lachiwiri la mu 1989. Madzi amene mwasambira m'mawa uno, ngati ndi a Lilongwe Water Board, anadutsa pansi pa mitengo ngati iyi. Kuotcha makala kutafika poipa, mu 2015 asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa kudzalondera. Choncho kuno si tchire la aliyense. Musanalowe kaonaneni ndi a dipatimenti ya za nkhalango, muwauze kuti mukufuna kugona, ndipo mupite ndi munthu wodziwa njira. Ine ndekha sindilowamo, ndipo inunso musatero. Netiweki imaduka malo ambiri, ndiye kunyumba musiye mawu: tapita kwakuti, tibwera mawa nthawi yakuti. Mukakumana ndi anthu ali pang'anjo ya makala, perekani moni mwaulemu n'kupitirira, kamera ili m'thumba. Makalawo ogula ake ndi ife tomwe a m'tauni, ndipo mkangano wa pakati pa thengo suthandiza mtengo uliwonse.

(Katundu wayalidwa pachitenje.)

Tione za m'chikwama. Zonsezi mudzasenza nokha, ndiye kulemera kwake kusapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 70, chikwama chisadutse 14. Madzi okha lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ine ndatenga malita 3. Apa pali hammock, malamba ake awiri, neti ya udzudzu, chinsalu chotchinga mvula, bulangete, juzi, chipewa chaubweya, tochi, kachitofu ka gasi ndi kapoto. Chikwamachi, juzi ndi nsapato ndinazipeza pa kaunjika ku Tsoka. Chinsalu cha mvula chikasowa, pepala lakuda lofolerera nyumba lija limagwira ntchito, bola musalibowole. Kulungani kamwala pangodya n'kumangapo chingwe, siling'ambika.

Kamba wanga ndi mbatata yophika, mtedza wokazinga, buledi, ufa wa phala, masamba a tiyi ndi shuga. Za nsima ndi ndiwo zisiyeni, mukazipeza mawa.

(Akuyenda m'kanjira. Kamera ikuyang'ana m'mwamba.)

Nkhalango iyi ndi ya miombo. Uwu ndi mombo, uwo ndi tsamba, apo mchenga, ndipo wa masamba akuluakulu okhakhalawo ndi msuku. Mukabwera chakumapeto kwa chaka mudzatola masuku pansi, mvula ikakhazikika ndiye nthawi ya bowa, ngakhale bowa wosamudziwa sadyedwa. Tayenda maola atatu. Panopa nthawi ili 3 koloko, ndipo tikuima pomwe pano. Mwezi wa Juni dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, m'nkhalango mdima umafulumira kuposa pamenepo. Ntchito yosankha mitengo imafuna maso, tochi siikwanira.

Choyamba, musayang'ane pansi, yang'anani kumwamba. Mukuiona nthambi youmayo? Mphepo ya usiku ikhoza kuithyola, ndipo pansi pake pangakhale inu. Tichokepo. Mtengo wouma, wa chiswe, wamphako kapena wopsa patsinde, ayi. Tikufuna wamoyo, wowongoka, wonenepa kuposa ntchafu ya munthu wamkulu. Ugwedezeni ndi manja awiri, ukagwedezeka ndi waung'ono. Mnzake akhale pa mtunda wa mamita 4 kapena 5, ndiye kuti mapazi aakulu asanu kapena asanu ndi limodzi.

Kenaka pansi. Mzera wa linthumbu ukadutsa pafupi, samukani, musalimbane nawo. Onaninso ngati nyerere sizikukwera thunthulo, chifukwa lamba wanu adzakhala mlatho wawo. M'mphepete mwenimweni mwa mtsinje musagonemo ngakhale pali pokongola. Mphepo yozizira usiku imatsikira m'zigwa, udzudzu ulinso komweko. Kwerani pang'ono.

Abambo amene akutitsogolerawa anakulira m'mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango. Nditaloza mitengo yanga anapukusa mutu.

"Iyayi achimwene, apo pali njira ya nguluwe. Taonani pofukulapo."

"Zikomo abambo, ndiye tipite kuti?"

"Tiyeni kumtundaku."

Ine sindinaone kanthu mpaka atandilozera ndi ndodo.

(Pafupi: dzanja likusisita khungwa la mombo.)

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amene munakulira kumudzi mukudziwa luzi. Mumasenda khungwa la mombo, m'kati mwake mumatuluka chingwe chonyowa chija chomangira denga ndi nkhokwe. Mnofu wonyowawo ndiwo njira imene chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira kumizu. N'chifukwa chake mtengo ukasendedwa kuzungulira umauma, ngakhale nkhwangwa isanaukhudze. Tsono chingwe chopyapyala cha nayiloni, ngati choyanikira zovala chija, mukachizunguliza pathunthu n'kugonapo munthu wamkulu usiku wonse, chimadya khungwa ngati mpeni wobuntha. Bala lake limazungulira, ndipo limagwera pamnofu womwe uja.

Ndiye gwiritsani lamba wophwatalala, wosachepera masentimita awiri ndi theka m'lifupi, ngati womangira katundu pa lole. Kulemera kumagawanika pamalo aakulu. Mukakhala ndi chingwe chokha, dulirani timitengo touma tinayi kapena tisanu, mutiimike kuzungulira thunthu, chingwecho chidutse pamwamba pake. Msomali ayi. Kusema pokolekera ndi chikwanje ayi.

(Akumanga lamba pamtunda wa mutu wake.)

Lamba ndimamumanga chapamutu panga. Ulendo wanga woyamba ndinakoka hammock kuti ithine ngati chingwe cha gitala, poganiza kuti ikawongoka ndigona ngati pabedi. Mapewa anapanikizika, ndipo pakati pa usiku ulusi wa kumutu unayamba kulira, kuthetheka. Ndinatsika n'kukhala tsonga mpaka kucha. Chifukwa chake n'chakuti chingwe chikamawongoka, mphamvu yokoka imachuluka. Lamba akatsika mopendekeka madigiri 30, mbali iliyonse imasenza pafupifupi kulemera kwanu, makilogalamu 70 kwa munthu wa 70. Akawongoka kufika madigiri 10, mbali iliyonse ikukoka pafupifupi 200. Zonsezo zikupita pa ulusi wa nsalu yanu ndi pakhungwa lija.

Madigiri 30 muwayeza bwanji kuthengo? Ndi dzanja. Lozani kutsogolo ndi chala chamkombaphala chili chogona, chala chachikulu chitaima chilili. Mzera wochoka kunsonga ya chala chachikulu kutsikira kunsonga ya chamkombaphala, lamba wanu apendekeke chimodzimodzi. Nsalu izioneka ngati nthochi. Mukakhalapo, matako akhale pamsinkhu wa mpando, mapazi akugunda pansi. Osakoleka patali kuposa pamene mungalole kugwa, ndipo pansipo chotsanipo miyala ndi zitsa.

Pogona musatsate mzera wa mitengo. Mutu upite kumanzere pang'ono, miyendo kumanja. Taonani mmene nsalu yaphwatalalira. Msana wawongoka. Mbali ya kumiyendo ndimaikweza pang'ono kuposa ya kumutu kuti ndisamatsetserekere kumapazi.

(Dzuwa lapendeka. Akumanga chingwe china pamwamba.)

Pamwamba pa hammock pakudutsa chingwe chopepuka, ichi sichisenza munthu. Chikunyamula neti ndi chinsalu cha mvula. Ngakhale m'chilimwe chinsalucho chikoleni, chifukwa mame a kuno amanyowetsa ngati mvula yowaza, ndipo chiperoni sichipempha chilolezo. Pa lamba aliyense, cham'kati mwa denga lanu, mangiranipo kachingwe kakafupi kolendewera. Madzi otsetsereka ndi lamba akafika pamenepo amadontha pansi osafika pamutu panu.

Neti ikute mbali zonse mpaka kunsi, chifukwa udzudzu umaluma kubowoleza nsalu yopyapyala imene msana wanu watsamira. Udzudzu wa malungo umaluma usiku. Mukabwerera kunyumba, thupi likatentha pakatha sabata kapena kuposa, pitani mukayezetse tsiku lomwelo.

Tsopano za kuzizira, zimene zimagonjetsa anthu ambiri usiku woyamba. Pamphasa, kumsana kuli nthaka. M'malere, kumsana kukudutsa mphepo usiku wonse, ikuchotsa kutentha kwa thupi lanu. Bulangete limafunditsa chifukwa cha mpweya umene limasunga m'kati mwake, koma mukaligonera mumalifinya, mpweya uja n'kuthawa. Ndiye mungafunde mabulangete atatu pamwamba, msana uli zii ngati mwagonera simenti. Kuno n'kokwera kuposa m'tauni, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumatha kuzizira kutsika pa madigiri 10. Njira zilipo ziwiri. Yalani m'katimo kamatiresi kopyapyala kolimba, ngakhale chotchingira dzuwa cha pagalasi la galimoto chimathandiza. Kapena tengani bulangete lachiwiri mulimangirire kunja, kunsi kwa hammock, likhudze nsalu koma lisafinyike. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa kamatiresi kamathawa ukamatembenuka. Valani sokosi zouma ndi chipewa musanayambe kunjenjemera.

(Kachitofu kakuyaka pamwala. Poto wa tiyi.)

Moto wa nkhuni sitikoleza. Ndikudziwa kuti kwa ife kucheza kwa usiku ndi pamoto, ndipo nanenso ndimausowa. Koma udzu wa m'miombo ukauma, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, kambaliwali kamodzi kamayatsa phiri lonse, ndipo mitengo ing'onoing'ono imene ikanalowa m'malo mwa yodulidwa ija ndiyo imayamba kufa. Kachitofu aka kali pamwala, udzu ndaupalira kutali. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera bwanji, awire kobwadamuka kwa mphindi yathunthu, kapena thiranimo WaterGuard.

Kodzithandizira kukhale mamita 60 kuchoka pamadzi, mapazi ngati 70. Kumbani dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, mukatha mukwirire. Sopo ndi zotsukira mbale zisalowe mumtsinje, tungani madzi mukatsukire kumtunda. Kumunsi kwa kamtsinje aka kuli midzi, ndipo kupitirira apo kuli mpope wa kwanu.

Chakudya chotsala chimangeni m'jumbo, muchikoleke pa mtengo wina kutali ndi pogona. Nsapato zikolekeni pa lamba, m'mawa muzikutumule musanavale, zinkhanira zimakonda malo ofunda. Mukatsika usiku, tochi iyambe yaunika pansi phazi lisanaponde. Mphiri sithawa ikamva mapazi, imangokhala phee pamasamba. Wina akalumidwa, osatema pabalapo, osayamwa, osamanga mothina. Asayendeyende, mumunyamule, ulendo wa kuchipatala uyambe pompo. Hammock yomweyi, mukaimangirira ku mtengo wautali, yasanduka machila.

(Mdima. Chithunzi chakuda, phokoso la nkhalango lokha.)

Ndazimitsa tochi. Tamverani.

Uko ndi lumbe. Kumunsiko achule. Chapatali kadzidzi, ndipo ndikudziwa zimene ambiri tinauzidwa za iyeyu tili ana, koma usiku uno akungosaka mbewa. Mphepo ikawomba, mitengo iwiri ija imapendama pang'ono, ndipo kupendamako kumafika pamsana panu kudzera m'malamba. Pabedi simungazimve zimenezi. Cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi kuswaya kwa masamba. Ndinagwira mpweya. Abambo aja anayankhula chapansipansi ali m'nsalu yawo: "Gonani achimwene, ndi gwape." Ndinasuzumira m'mphepete mwa chinsalu, nyenyezi zili mbuu pakati pa nthambi, zochuluka kuposa zimene ndinazionapo ndili ku Area 25.

(M'mawa. Chithunzi choyamba chija. Akutsika, akumasula lamba.)

Kwacha, ili 6 koloko. Chinsalu chanyowa ndi mame, ndichiyanika pamwala uku tikumwa phala. Zinyalala zonse, ndi pepala la shuga lomwe, zabwerera m'chikwama. Miyala imene ndinasuntha dzulo ndaibwezera.

Tabweretsani kamera pafupi. Apa ndi pamene panali lamba usiku wonse. Ndere zaphwanyika pang'ono, koma khungwa ndi lathunthu, palibe pong'ambika, palibe utomoni ukutuluka. Tiyeni tikaone mtengo winawo.

(Akupita pa mtengo wachiwiri, akusisita thunthu kuzungulira.)

Nawonso uli bwino.

"Abambo, tidzere njira yadzulo?"

"Ayi, tidzere kumtsinje, mukaone pamene madzi akutumphukira."

"Tiyeni, tsogolani."