Katswiri wa pulu amadziwika ndi chani, nanga amagulitsika bwanji?

Zikomo nonse pobwera. Kumbuyoko mukundimva eti? Chabwino.

Munthu akamasewera pulu ambirife maso amakhala pa mpira umene ukulowa mu dzenje. Akatswiri ayi, awo maso ali pa woyera, mpira umene umamenyedwa ndi ndodo uja. Kulowetsa mpira aliyense tsiku lina amatha, koma kuti woyera uja akaime pamene shoti yotsatira ikhale yophweka, nkhani yagona pamenepo. Muzamuone katswiri, amayamba wazungulira tebulo uku akupaka choko ku ndodo, asanawerame n'komwe waona kale mipira itatu kutsogolo, akamenya woyera cham'munsi amabwerera m'mbuyo, cham'mwamba amatsatira, cham'mbali akagunda khushoni, m'mphepete mwa tebulo muja, amakhota. Gemu yake imaoneka ngati yosavuta chifukwa sadzisiyira mavuto.

Kenako mtima. Shane Van Boening wa ku America, amene amavutika kumva chibadwire, amadziwika kuti amatha maola ambirimbiri akuyeserera shoti yoyamba yoswa mipira yokhayo. Mpikisano waukulu wa US Open wawinapo kasanu, koma chikho cha dziko lonse cha 9-ball, pulu uja amawina ndi amene walowetsa mpira wa nambala 9, anagwa mu fainolo 2015, anagwanso 2016, kuzatenga mpaka 2022. Wina akanataya ndodo kalekale.

Tsopano pamene ndikufuna mumvetsetse ndi apa, kudziwa kusewera ndi kugulitsika ndi zinthu ziwiri zosiyana. Masiponsa sagula shoti ayi, amagula anthu amene akukuonera iweyo. Kampani yopanga ndodo kapena nsalu ya pa tebulo ikamaika dzina lake pa malaya ako imadzifunsa kuti kodi uyuyu anthu akazimitsa TV amukumbukira?

Jeanette Lee anafika pa nambala 1 pa dziko lonse pakati pa amayi mu 1994, inde amatha, koma amayi ena odziwa pulu analiponso. Iye ankavala zakuda zokhazokha, dzina n'kukhala Black Widow, ankadziwa kuyankhula pa kamera, mpaka anthu oti sanagwirepo ndodo ankamudziwa. Earl Strickland ndiye wina, wawina chikho cha dziko lonse cha 9-ball katatu, koma munthu wa mkwiyo, kukangana ndi oonera, ena amabwera kuzamuchemerera ena kuzamukuwiza, koma onsewo tikiti agula. Ine sindikuti muzikalipa pa tebulo ayi, achinyamata musandimve molakwika, khalidwe loipa limathamangitsanso masiponsa omwewo.

Ine amene ndimamupatsa ulemu ndi Efren Reyes wa ku Philippines. Wodzichepetsa, womwetulira, akawina amangoti ndinachita mwayi. Koma mu 1995 akusewera ndi Strickland yemweyo anatsekeredwa malo oti aliyense anati basi zatha, iye anamenya woyera kugunda makhushoni awiri mokhotakhota ngati chilembo cha Z, mpira n'kulowa. Mpaka lero anthu amaionerabe pa YouTube. Atawina chikho cha dziko lonse ku Cardiff, ku Wales, mu 1999 dziko lonse la kwawo linasangalala, ndipo dzina lake loti The Magician, kutanthauza wamatsenga, silinachite kufuna otsatsa malonda.

N'chifukwa chake a Matchroom, kampani yokonza mipikisano ya masewera, anayambitsa mpikisano wa Mosconi Cup mu 1994, Europe kulimbana ndi America, magemu afupiafupi, oonera akuimba ndi kukuwa ngati ku mpira wa miyendo. Pamenepo osewera amaoneka nkhope, wina manja akunjenjemera pa 9 womaliza kamera ili pomwepo.

Eya, bambo mwakweza dzanja apo, funsani.