Bwana akuti lowetsa lero lomwe

Moni abale anga kulikonse kumene muli, a ku Joni, a ku Leeds, ndi inu a kumudzi amene mwagula bandulo kuti mundimvere. Kuno ku Dublin mvula sikukata, ndipo mtima wanga sunatsikebe.

Lachisanu madzulo release (mtundu wotulutsidwa kumene) ya pulojekiti ina ya open source, pulogalamu ya pakompyuta imene code yake aliyense angaione n'kuthandiza kuikonza, yomwe timadalira kuntchito inaononga chinthu chimene chinkayenda bwinobwino. Vuto lotere amati regression. Ndinasakasaka ndi git bisect, chida chofufuzira pamene vuto linayambira, mpaka kuigwira commit (kusintha kwa code) yolakwayo, n'kutumiza pull request, pempho loti kukonza kwangako kulowe mu pulojekitiyo. Basi bwana akuti, "Iwe uli ndi makiyi kumeneko, ingolowetsa wekha, makasitomala akulira." Munthu yemweyutu anandifunsapo ngati ku Malawi kuli makompyuta! Lero akufuna ndiike pachiswe dzina limene ndalimanga pa pulojekitiyo usiku ndi usiku ndikaweruka, podziwa kuti pemiti yanga yatsamira pa ntchito yake. Ndinakana.

Achinyamata inu amene mukuphunzira code ku Zomba ndi ku Mzuzu, tcherani khutu. Changu chili ndi njira yake, ndipo inalembedwa. Ku Node.js, pulojekiti yotchuka ya open source, pull request imadikira maola 48 ndi anthu awiri oivomereza. Ikakhala yokonza regression umapempha fast-track, yoti ilowe msanga, koma pempholo nalonso anthu awiri alivomereze, mayeso onse adutse. Ku Linux, pulojekiti inanso yaikulu, kukonza kukamachedwa amangobweza commit yobweretsa vutoyo, ndipo chigamba chokonzera vuto sichilowa mu stable, mtundu wokhazikika umene anthu amagwiritsa ntchito, chisanalowe mu nthambi ya code ya Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux. Mwaiwala za xz, pulogalamu yochepetsa kukula kwa mafayilo, mu 2024? Lasse Collin, amene ankaisamalira, yekhayekha komanso atatopa, anthu kumupanikiza kuti akuchedwetsa zinthu, mpaka makiyi anagwera munthu amene anabisamo khomo lolowera mwakuba. Katswiri wina wa mapulogalamu, Andres Freund, anatulukira chifukwa ssh, pulogalamu yolowera pa kompyuta ina uli kutali, inkachedwa ndi theka la sekondi. Theka la sekondi, abale! Ndiye wina azindiuza kuti maso a mnzako ndi kutaya nthawi?

Usiku umenewo ndinadikira ndikuphika nsima ya ufa wa m'mashopu a kuno, wosagwirana, mtima uli pa mgaiwa wa amayi ku Thyolo. Loweruka m'mawa maintainer wina, mmodzi wa osamalira pulojekitiyo, anayankha: "Onjezani test yogwira vutoli, lisadzabwerenso." Ndinaonjeza, wachiwiri anavomereza, n'kulowa. Dzina langa la Chichewa lili pa commit imeneyo, ndipo palibe angaliloze chala.

Lolemba bwanayo wandiitanira ku ofesi. Ndidzakuuzani mmene tikathere.