Makalata a Omvera: Kodi Pirlo Anali Waulesi?

Tiyambe ndi kalata ya bambo wina wa ku Mchinji. Akuti: "Achimwene, tiweruzeni. Mnzanga amene timaonera naye mpira akuti Andrea Pirlo anali waulesi, ankangoyenda m'bwalo Gattuso akumukhetsera thukuta. Ine ndikukana. Akunena zoona ndani?"

Zikomo bambo. Kuti Gattuso, amene ankasewera pakati limodzi ndi Pirlo, ankathamanga ndi kulanda mipira ku AC Milan, mnzanuyo sananame. Koma mawu akuti ulesiwo ndawakana. Pirlo anayamba ngati wosewera kufupi ndi omwetsa zigoli, ndipo anali ndi zaka 16 zokha pomwe anasewera koyamba mu Serie A, ligi yaikulu ya ku Italy, ndi timu yakwawo ya Brescia mu 1995. Ku Inter sizinamuyendere, moti anamubwereketsa ku Reggina, kenako ku Brescia komweko mu 2001. Kumeneko malo ake anali kale ndi mwini, Roberto Baggio. Mphunzitsi Carlo Mazzone sanafune kusiya mnyamatayu panja, ndiye anamubweza m'mbuyo, kutsogolo kwa otchinga. Carlo Ancelotti anachitanso chimodzimodzi ku Milan.

Pamalo amenewo munthu sathamanga chisawawa, bambo. Ukachokapo, anzako amasowa womupatsira. Pirlo ankayamba wayang'ana uku ndi uku mpira usanamufike, ukamafika n'kuti akudziwa kale kopita nawo. Muuzeni mnzanuyo aonerenso Chikho cha Dziko Lonse cha 2006. Chigoli choyamba cha Italy, chija chinatipweteka ife a mu Africa pamasewero ndi Ghana, anamwetsa ndi iyeyo. Mpira umene Fabio Grosso anagonjetsera Germany unachokera kuphazi kwake. Mu fainolo ndi France, kona imene Materazzi anamwetsa ndi mutu anamenya ndi Pirlo, pa mapenate a kumapeto, yoyamba anamwetsanso ndi Pirlo. Waulesi sachita zotere, ndipo ine masewero a ndi Germany aja ndimawabwerezabe mpaka lero.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wokhala ku Johannesburg, wotsatira Milan. Akufunsa: "Chifukwa chiyani tinamulola kupita ku Juventus ulere?"

Pepani mayi, bala limeneli ndikulidziwa. Mu 2011 kontilakiti yake inatha ali ndi zaka 32, atavutika ndi kuvulala, ndipo mphunzitsi Massimiliano Allegri ankakonda osewera apakati amphamvu. Munthu amene anakubweretserani Champions League mu 2003 ndi 2007 anachoka choncho. Ku Juventus anatenga ligi kanayi motsatizana, kuyambira 2012 mpaka 2015, ndipo komaliza mphunzitsi wake anali Allegri yemwe uja. Anasiya kusewera mu 2017 ali ku New York City FC, atasewerera Italy ka 116.

Pitirizani kutilembera, omvera. Kalata yofunsa za penate imene Pirlo anamwetsa goloboyi wa England, Joe Hart, mu 2012 tayisunga, tiiwerenga sabata yamawa.