Chifukwa chake midzi ya kafukufuku wa zaumoyo imasankhidwa mwa mayere

Zikomo a gulupu, mafumu, amayi ndi abambo nonse. Mwafunsa kuti bwanji mudzi wina ulandire gulu la amayi lokambirana za uchembere ndi umoyo wa makanda, wina ayi. Yankho lili mu kafukufuku wa MaiMwana amene anayamba kuno ku Mchinji mu 2005.

Boma lino linagawidwa m'zigawo 48, ndipo panachitika mayere. Zigawo 12 zinalandira magulu a amayi, 12 alangizi odzipereka ophunzitsa zoyamwitsa khomo ndi khomo, 12 zonse ziwiri, ndipo zotsalazo zinapitiriza ndi chithandizo cha nthawi zonse. Mayere si nkhanza ayi. Munthu akasankha yekha amathamangira midzi ya m'mbali mwa msewu, kufupi ndi chipatala. Imfa za amayi ndi makanda zikachepa kumeneko, tidziwa bwanji kuti wathandiza ndi gulu osati msewu?

Koma mayere sadziwa vuto la mudzi wanu. Odziwa ndinu. N'chifukwa chake magulu aja ankakumana ka 20 m'magawo anayi: kutchula mavuto ndi kusankha aakulu, kukonza njira, kuigwiritsa ntchito, kenako kuunika. Makadi a zithunzi amathandiza kuti ngakhale mayi wosadziwa kuwerenga aloze kutaya magazi kapena malungo, n'kuika mwala wake pa chithunzi cha vuto lomwe lamusautsa kwambiri. Ena anapeza njinga za ambulansi, ena analima madimba a masamba. Gawo lachitatu likafika muwaitane abambo ndi mafumu, poti ndalama ya ulendo wa usiku wopita kuchipatala kawirikawiri imakhala m'thumba mwa bambo.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ntchito imawonongekera pa kuwerenga imfa. Mwana akamwalira asanakwanitse masiku 28, mwambo wathu ndi woti amayi achikulire akamuike mwakachetechete, popanda maliro aakulu. Mwamboyo tiulemekeze, koma wolemba kaundula wa kafukufuku auzidwe. Adzafunsa funso lowawa: kodi mwanayo analira, anapuma, anagwedezeka? Ngati anatero, ndi khanda lomwalira. Ngati ayi, anabadwa atamwalira kale. Zikasakanizidwa ziwirizi, chiwerengero chimanama, ndipo njira yabwino ingathe kutayidwa.

Vuto lina n'lakuti uphungu suima pa malire. Mayi amakauza mchemwali wake kutsidya. N'chifukwa chake ochita kafukufuku amasiya dala midzi ina pakati pa zigawo, osaiwerengera.

Ku Kasungu, Lilongwe ndi Salima, kafukufuku wa MaiKhanda anaphatikiza magulu a amayi ndi kukonza kagwiridwe ka ntchito m'zipatala. Komwe ziwirizi zinayendera limodzi, imfa za makanda zinatsika ndi 22 pa 100 aliwonse. Mu 2014 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa njira ya magulu a amayi imeneyi, makamaka kumidzi.

Akabwera a kafukufuku, afunseni kalata yowaloleza, akufotokozereni m'Chichewa musanasaine kapena kudinda chala, ndipo mugwirizane tsiku lodzabweretsa zotsatira pabwalo pano. Wokana kutenga nawo mbali sataya chithandizo chake kuchipatala.