Khadi la chipatala pa malipiro a kumacheka: mungalikwanitse?

[Kamera ili m'mphepete mwa msewu wa M1. Kumbuyo kukuoneka phiri la Dedza, lole yodzaza matabwa ikudutsa.]

Zikomo akuluakulu, takulandirani. Nkhani ya lero ndi ya anthu amene amadya thukuta lawo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu: ocheka matabwa ku Chongoni ndi m'phiri muno, oumba ndi kuwotcha zadothi, ophwanya miyala, owotcherera zitsulo, a pachigayo, okweza matumba a kachewere pa Bembeke ndi pa Lizulu, komanso inu anyamata a kabaza. Funso ndi ili: kodi munthu wa malipiro ochepa angapeze inshuwalansi ya chipatala yosamuboola m'thumba?

Angathe, koma ambiri amayambira kolakwika. Amathamangira kufunsa kuti khadi ndi ndalama zingati pamwezi. Ine ndikuti muyambe mwadziwa zomwe ndi zanu kale, kuopa kuti mungalipire chinthu chomwe boma kapena abwana anu amayenera kulipira.

[Chithunzi: khonde la chipatala, anthu ali pamzere ndi mabuku awo a kuchipatala m'manja.]

M'dziko muno mulibe inshuwalansi ya boma yoti aliyense azidulidwa pamalipiro. Chomwe chilipo n'chakuti zipatala za boma n'zaulere. Pa chipatala chachikulu cha Dedza kapena cha Ntcheu, kuonana ndi dokotala, kugonekedwa, ngakhale opaleshoni, simulipira. Ndiye ndalama zimathera pati? Zimathera pa mawu aja tonse tinawamvapo: "Mankhwala awa atha, mukagule ku famase." Zimathera pa thiransipoti, makamaka akakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80, kuphatikizapo chakudya cha wodikirira wodwala. Ndipo kwa munthu wolipidwa pa tsiku, tsiku lililonse logona pabedi ndi tsiku lomwe kunyumba sikufuka utsi. Sungani zinthu zitatuzi m'mutu: mankhwala, ulendo, masiku otayika. Khadi la inshuwalansi limathandiza pa choyambacho, nthawi zina pa chachiwiri, koma chachitatu silichikhudza n'komwe.

Palinso zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo: Mua kumunsi ku Mtakataka, Mtendere, Nkhoma kwa inu a ku Linthipe, ndipo ku Ntcheu kuli Nsipe ndi Mlanda. Izi n'zolipira. Koma kuyambira mu 2006 boma limachita mgwirizano ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa kwaulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Mgwirizanowu suli pa chipatala chilichonse, ndipo zomwe umakhudza zimasiyana. Mayi akangodziwa kuti ali ndi pakati, bambo pitani nawo kusikelo mukafunse pomwepo kuti chaulere n'chiti, cholipira n'chiti.

[Kamera ili pa macheka. Phokoso la makina likumveka, kenaka likuchepa.]

Tsopano apa pokha ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe anthu a m'mafakitale amaluzira ndalama zambiri. Ngati macheka akudulani chala muli pantchito, mwala wakulowani m'diso kukwale, kapena thumba lakuthyolani msana mukutsitsa katundu wa kampani, imeneyo si nkhani ya khadi lanu ayi. Pali lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito, Workers' Compensation Act, la chaka cha 2000. Limanena kuti wolemba ntchito ndiye ayenera kulipira zolipira kuchipatala ndi chipukuta misozi, ndipo limakhudzanso matenda ena obwera chifukwa cha ntchitoyo. Abwana anzeru amagula inshuwalansi yawoyawo ya zimenezi. Ena amangokuponyerani ya kabaza n'kuti "mukachira mubwere." Musalole kuti nkhani ithere pamenepo.

Chochita n'chosavuta, kungoti chimafuna changu. Uzani kapitawo tsiku lomwelo, pamaso pa anzanu awiri. Kuchipatala nenani momveka kuti mwavulalira pantchito, ndipo onetsetsani kuti adokotala alemba zimenezo m'buku lanu. Malisiti onse, ngakhale la bandeji, sungani. Kenaka pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ija timangoti kwa a leba. Iwo ndiwo amatsogolera nkhani yowerengera chipukuta misozi potengera malipiro anu ndi kukula kwa chilema chomwe dokotala wapeza. Amene amavutika kwambiri ndi munthu wopanda pepala lililonse losonyeza kuti amagwira ntchito pamalopo. Ngati kalata yolembedwera ntchito mulibe, jambulani pafoni buku lomwe mumasainira malipiro, kapena sungani mauthenga a Airtel Money kaya Mpamba omwe abwana amakutumizirani kumapeto kwa mwezi.

Lamulo lina, la zantchito, Employment Act, lomwenso ndi la chaka cha 2000, likuti mukagwira ntchito miyezi 12 yotsatizana pamalo amodzi, mukadwala muli ndi ufulu wa masabata 4 a malipiro athunthu ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka, bola mukhale ndi kalata ya dokotala. Ndi angati kumacheka kuno amene anauzidwapo zimenezi? Ndipo inu amene mumadulidwa penshoni, dziwani kuti abwana amayeneranso kukulipirirani inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Koma imeneyo ndi ya ana anu inu mutamwalira, siigula panado.

[Wofotokoza wakhala pa benchi, wanyamula kabuku ndi cholembera.]

Tibwere ku khadi lenilenilo. Bungwe lodziwika kwambiri ndi MASM, Medical Aid Society of Malawi, lomwe lili ndi masikimu monga Econoplan, Executive ndi VIP. Econoplan ndiyo yapansi pa zitatuzi. Palinso ena monga Medhealth, Wella Medical Aid Society ndi Central Health Medical Aid. Mitengo sinditchula pano, chifukwa imasintha kawirikawiri. Mankhwala ambiri timagula kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipatala zolipira zimakweza, a inshuwalansi nawonso amatsatira. Mtengo mukaufunse ku ofesi yawo, ndipo akulembereni papepala.

Palibe lamulo lokakamiza abwana kukupatsani khadi la chipatala. Ndi nkhani yokambirana. Komabe njira yotsika mtengo kwambiri ndi yomweyi, yolowa ngati gulu kudzera kuntchito, kampani n'kumalipirako gawo, inu n'kumadulidwa gawo lotsalalo pamalipiro. Munthu mmodzi akapita kukapempha, amamuona ngati wovuta. Anthu makumi atatu akapita kudzera ku yuniyoni kapena komiti ya ogwira ntchito, nkhani imakhala ina. Ndipo kwa abwana, muwauze zomwe zimawakhudza iwo: wantchito amene wathandizidwa msanga pa kiliniki yapafupi amabwerera pamakina mawa lake, pomwe uja wakhala pamzere tsiku lonse n'kukapeza mankhwala kulibe amajomba sabata. Pa nthawi yokambirana zokweza malipiro, nthawi zina khadi la banja lonse limaposa kandalama kowonjezera komwe kamathera pa sopo ndi mchere.

Musanasaine, funso loyamba lisakhale la mtengo. Funsani kuti: khadi limeneli limalandiridwa pa zipatala ziti ndi mafamase ati kuno ku Dedza kapena ku Ntcheu? Akuonetseni mndandanda wake. Zipatala zambiri zolipira zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye khadi loti kuti muligwiritse ntchito mpaka mukwere minibasi ya ku Lilongwe, kwa munthu wa ku Mayani kapena ku Tsangano lili ngati ambulera yomwe mwaisiya kwa apongozi mvula ikugwa kwanu.

Kenaka funsani za shotifo. Iyi ndi ndalama yomwe mumawonjezera nokha pakauntala pamene chipatala chatchaja kuposa zomwe sikimu yanu imalipira. Anthu ambiri amakhumudwira apa, chifukwa ankaganiza kuti khadi ndiye kuti basi, zonse zaulere. Pa sikimu yotsika, shotifo imatha kukhala yaikulu mukapita kuchipatala chodula, pomwe ku mishoni imakhala yochepa, mwinanso osakhalapo.

Palinso nthawi yodikira. Mukalowa lero simuyamba kuthandizidwa mawa pa chilichonse. Pa matenda wamba amadikiritsa miyezi ingapo, pa uchembere, mano, magalasi a maso ndi matenda omwe munali nawo kale amadikiritsa nthawi yotalikirapo. Zili choncho kuti anthu asamalowe atadwala kale n'kutuluka atachira. Choncho mayi amene ali ndi pakati pa miyezi isanu asayembekezere kuti khadi la lero limulipirira pobereka. Ngati muli ndi shuga, BP kapena mphumu, nenani poyera polembetsa. Mukabisa, adzakukanirani tsiku lomwe mwagonekedwa. Funsaninso malire a ndalama pa chaka, pa mankhwala padera, pogonekedwa padera. Ndipo kumbukirani kuti mtengo amawerengera mutu uliwonse. Kuno kwathu pakhomo pamakhala ana a mlongo wanu, agogo, mwina ndi mlamu. Funsani kuti amalola ndani, ndipo mwana amachotsedwa akafika zaka zingati.

Chomwe chimapha makhadi ambiri ndi kudumphitsa mwezi. Ntchito ya matabwa ndi ya kachewere imayenda ndi nyengo. Mu Juni ndalama ilipo, mu Januwale ndi Febuluwale fetereza ndi fizi zakutha. Mukalephera kulipira, khadi amalitseka, ndipo zomwe munaponya m'mbuyomo sizibwerera, chifukwa inshuwalansi si banki. Ntchito ikatha, khadi la kuntchito nalonso limatha. N'chifukwa chake kwa munthu wa ganyu, wopanda malipiro okhazikika, ine sindingamulimbikitse khadi la payekha. Angodzipweteka.

[Chithunzi: amayi ndi abambo akhala mozungulira pa mkeka, pakati pali bokosi la maloko atatu.]

Nanga wotereyu atani? Dedza yomwe ino inayesapo njira ina. Ku Kaundu, kum'mawa kwa boma lino, anthu anayambitsa inshuwalansi ya m'mudzi mothandizidwa ndi CHAM ndi Amref Health Africa: mabanja kumasonkha kandalama mwezi ndi mwezi, wina akadwala n'kukathandizidwa pa chipatala chawo cha mishoni osatulutsa ndalama tsiku limenelo. Maganizo omwewo angatheke pakati pa anthu ogwira ntchito pamodzi.

Magulu ambiri a banki m'khonde ali kale ndi thumba la zadzidzidzi, kungoti limakhala laling'ono ndipo limathera pa maliro. Patulani la matenda lokhalokha. Tingoyerekeza: muli anthu 20 pa shedi imodzi, aliyense akuponya K2,000 pamwezi. Ndi K40,000 pamwezi, K480,000 pa chaka. Opaleshoni ya ku chipatala chodula singalipiridwe ndi ndalama imeneyi, zoona. Koma mankhwala a kufamase, galimoto yothamangira ku Lilongwe usiku, ndi ufa wa sabata imodzi kwa mnzanu amene wagona, zonsezi zitheka, ndipo ndi zinthu zitatu zija tinatchula poyamba.

Malamulo ake mulembe musanayambe, anthu adakali osangalala. Munthu mmodzi angatenge zingati pa chaka? Ndi ngongole kapena thandizo? Wolowa kumene adikire miyezi ingati? Mugwirizanenso ngati thumbali likuthandiza membala yekha kapena ndi ana ake omwe, chifukwa mikangano yambiri imabukira pamenepa. Ndalama zambiri zikhale ku SACCO kapena kubanki, zosainira anthu atatu, ndipo kagawo kochepa kakhale pa foni ya msungichuma kuti matenda a pakati pa usiku asadikire Lolemba. Inu a kabaza, thumba limeneli lisakuiwalitseni inshuwalansi ya njinga yamoto. Ija ndi ya lamulo la pamsewu, imalipirira munthu amene mwamuvulaza, ndipo pakachitika ngozi a inshuwalansi amayamba afuna lipoti la apolisi.

Mu vidiyo yotsatira tidzatenga fomu ya chipukuta misozi n'kuidutsa mzere ndi mzere. Zikomo, wawa.