Mita ya Magetsi Ikawonongeka ku Britain, Bilu Amaiwerengera Bwanji?

[Wofotokoza waima pa kabati ya mita, bilu ili m'manja]

Moni nonse, makamaka abale amene muli ku England, Scotland ndi Wales. A ku Northern Ireland, kwanuko malamulo ndi ena, ndiye musatenge zonse zimene ndinene pano.

Kumudzi tinazolowera mayunitsi a ESCOM: kugula pa foni, kulowetsa manambala, akatha magetsi athima, nkhani yatha. Kuno nyumba zambiri zimayamba zagwiritsa ntchito magetsi, kulipira pambuyo, ndalama kumangochoka yokha ku banki mwezi ndi mwezi pa Direct Debit. Ndiye mita ikawonongeka mukhoza kutha chaka osadziwa kanthu, tsiku lina n'kungolandira kalata yoti muli ndi ngongole ya mapaundi mazanamazana. Funso n'lakuti, ngati mita sinkawerenga bwino, nambala imeneyo aitenga kuti?

Tisanafike apo, tsimikizani kuti vuto ndi mitayo, chifukwa mabilu ambiri okwera amakhala ndi chifukwa china.

[Kamera iyandikira pa bilu]

Onani apa, pambali pa manambala a mita. Pakakhala chilembo E, palibe amene anawerenga mita yanu, kompyuta inangoyerekeza. Mankhwala ake n'kuwerenga nokha n'kuwatumizira. Kenako yang'anani nambala ya mita yomwe yalembedwa pa bilu, muifananize ndi yomwe inadindidwa pa mita penipenipo. M'nyumba zomwe anazigawa kukhala mafulati, mita zonse zimakhala pamzere m'kabati imodzi, ndipo zimachitika ndithu kuti munthu akulipira magetsi a neba wam'mwamba. Komanso kakanema kaja kamabwera ndi mita yamakono (smart meter), koonetsa magetsi omwe mukugwiritsa ntchito, si mita ayi. Kakazima, mita yeniyeni imakhala ikuwerengabe.

[Kamera pa mita, kagetsi kofiira kakuphethira]

Kuyesa nokha n'kosavuta. Zimitsani chilichonse pakhoma, firiji yomwe. Kagetsi kofiira aka kayenera kusiya kuphethira, manambala aime. Akamayendabe nyumba yonse ili zii, pali nkhani. Mukatero yatsani chinthu chimodzi chomwe mphamvu yake mukuidziwa. Hita ya 2 kW ikayaka mosalekeza mphindi 30 imadya yuniti imodzi. Mita ikawerenga awiri, kapena osasuntha n'komwe, jambulani pa foni, tsiku ndi nthawi zioneke. Koma chonde, chidindo chotsekera mita musachikhudze. Mukachithyola, mlandu umasanduka wanu.

Mukauza kampani yanu, malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, amaipatsa masiku 5 ogwira ntchito kuti ifufuze ndi kuchitapo kanthu. Ngati ndi mita yolipiriratu ndipo muli mumdima, ayenera kufika kapena kuyamba kukonza vutolo pasanathe maola 3, kapena maola 4 ngati si tsiku la ntchito. Akalephera amakupatsani chipepeso cha £40. Chinali £30, anachikweza mu Januwale 2025. Nthawi zambiri amaika mita yachiwiri pambali pa yanuyo kuti ziwerenge limodzi kwa kanthawi. Mukakanabe zotsatira zake, mita imatha kuyesedwa ndi woyesa wapadera kudzera ku ofesi ya boma ya Office for Product Safety and Standards. Ganizani kaye musanafike apo, chifukwa ikapezeka kuti ili bwino, kampani ikhoza kukulipiritsani zomwe yawononga. Ndipo "ili bwino" sizitanthauza kuti ilibe cholakwa chilichonse. Mita zovomerezedwa pa malamulo a UK zimaloledwa kupitirira ndi 2.5 peresenti kapena kuperewera ndi 3.5 peresenti.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani. Mita yapezeka yowonongeka, aichotsa, aika yatsopano. Magetsi omwe munagwiritsa ntchito nthawi yonseyo palibe amene akuwadziwa, kaya inu kaya kampani. Bilu yomwe ikubwerayo, ngakhale ioneke yaukatswiri chotani, ndi yongoyerekeza. Amayang'ana mmene munkagwiritsira ntchito magetsi mita isanawonongeke, kapena amadikira masabata angapo aone mmene mita yatsopano ikuyendera, n'kuchulukitsa ndi masiku onse omwe yakale inali yakufa. Ngati woyesa wapeza kuti inkathamanga kapena kuchedwa ndi maperesenti akutiakuti, amakonza bilu ndi maperesenti omwewo.

Njira yachiwiriyo, yodalira mita yatsopano, ndi imene imapweteka anthu. Tiyeni tiyerekeze.

[Manambala aoneka pa sikirini]

Mita yatsopano aiika mu Januwale, chisanu chili pachimake, kunja kukuda cha m'ma 4 koloko, hita ikuyaka, zovala mukuumitsa pa makina. Nyumba ikudya mayunitsi 12 patsiku. Achulukitsa ndi masiku 365, apeza 4,380. Yuniti tiiike pa 25p: £1,095. Koma mukaphatikiza miyezi yotentha, mwina nyumba yanu imadya mayunitsi 8 patsiku pa chaka chonse. Amenewo ndi 2,920, omwe ndi £730. Kusiyana kwake £365, pa nyumba yomweyo, anthu omwewo. Zili ngati mlendo akupezeni pa Khirisimasi mukudya mpunga ndi nkhuku, n'kukalengeza kuti mumadya choncho chaka chonse.

Choncho musavomere nambala musanaone mmene yabwerera. Alembereni muwafunse kuti anayeza kuyambira liti mpaka liti, akuti mita inawonongeka tsiku liti, ndipo umboni wa tsikulo ndi wotani. Afunsenso ngati yuniti iliyonse aiwerengera pa mtengo wa nthawi yomwe munaigwiritsa ntchito, poti mitengo yomwe Ofgem amaikira malire imasintha miyezi itatu iliyonse. Kenako tulutsani zanu. Mabilu akale. Matikiti a ndege ngati munapita kumudzi mwezi wathunthu nyumba n'kutsala yokhoma. Ngati mlamu wanu ndi ana ake anabwera kudzakhala nanu mita yatsopano itaikidwa kale, nenani, chifukwa chaka chathacho munali awiri okha. Ine ndimaona kuti kampani yomwe yayeza m'nyengo yozizira yokha ilibe chifukwa chokanira mukaipempha kuti idikire miyezi ina iyezenso.

Pali malire ena omwe sangawadumphe. Kuyambira Meyi 2018, kampani siloledwa kukulipiritsani magetsi omwe munagwiritsa ntchito miyezi yoposa 12 yapitayo ngati sinakupatseni bilu yolondola pa nthawi yake. Pa Chingerezi amati back-billing, ndipo liwu limenelo mulilembe m'kalata yanu. Mita ikhale inaima zaka zitatu, iwo angafune za miyezi 12 yomaliza basi, zotsalazo n'zawo. Musaganize kuti azichotsa okha nthawi zonse. Werengani masiku omwe alembedwa pa bilu.

Lamuloli silikutetezani ngati munkawatsekera chitseko akabwera kudzawerenga mita, kapena munaigwiragwira kuti ibe magetsi. Silifafanizanso bilu yolondola yomwe anakutumizirani inu n'kuiponya m'dirowa. Ndipo malire a miyezi 12 amamanga kampani, osati inu. Ngati mita inkathamanga kwa zaka ziwiri, pemphani kuti akubwezereni za zaka ziwiri zonsezo.

Mkangano uli mkati, musasiye kulipira. Perekani za magetsi omwe mukugwiritsa ntchito panopa, ndipo lembani kuti gawo linalo mukulitsutsa. Ngati ngongole yatsimikizika, kampani iyenera kuganizira zomwe mungakwanitse pokonza zoti muzibweza pang'onopang'ono. Musachite manyazi kunena malipiro anu enieni.

Dandaulo lanu likhale lolembedwa, pa imelo, osati pa foni pokha. Bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice limathandiza mwaulere ku England ndi Wales, ku Scotland pitani kwa Advice Direct Scotland. Pakatha masabata 8 osagwirizana, kapena akakupatsani kalata yoti iwo afika pomaliza, yomwe amaitcha deadlock letter, nkhani mukaitule kwa Energy Ombudsman, ofesi yoima payokha yoweruza madandaulo a magetsi ndi gasi. Simulipira kanthu. Chigamulo chake mukachivomera kampani iyenera kuchitsatira, ndipo mukachikana mumakhalabe ndi ufulu wopita ku khothi. Potumiza nkhaniyo ikanipo zithunzi za mita zija, mabilu akale ndi maimelo onse, mowandandalika ndi masiku ake.